Kodi mapulogalamu oyendetsa ma cluster ali m'manja mwa yani?

Mu Disembala 2025 kampani ya Nvidia, yomwe yalemera ndi malonda a ma GPU, zipangizo zamphamvu zowerengera zoyendetsera AI, inalengeza kuti yagula SchedMD, kampani yaing'ono ya ku Utah m'dziko la America. Nkhaniyi sinamveke pa wailesi, ndipo anthu ambiri amene amakhalira pa kompyuta tsiku lonse dzina la SchedMD sanalimvepo. Komatu kampaniyi ndi imene imasamalira Slurm, pulogalamu yomwe imagawa ntchito m'makompyuta ambiri mwa amphamvu kwambiri padziko lapansi, aja amalembedwa pamndandanda wa TOP500. Eni ake atsopanowa analonjeza kuti Slurm ikhalabe yotseguka, kutanthauza kuti aliyense akhoza kuwerenga ndi kusintha code yake, malangizo amene inalembedwa nawo, ndipo sidzakondera makina a kampani imodzi. Sindikuwaganizira kuti akunama. Nkhawa yanga ikuchokera m'mbiri ya mapulogalamu a mtundu umenewu, chifukwa pa zaka 30 zapitazi taona kangapo kuti laisensi yotseguka payokha siteteza anthu ogwiritsa ntchito pulogalamu. Chimene chimawateteza ndi kuchuluka kwa anthu odziwa kuikonza, komanso kuti anthuwo asakhale onse a pakhomo limodzi.

Cluster ndi makompyuta ambiri olumikizidwa pa netiweki imodzi kuti azigwira ntchito ngati kompyuta imodzi yaikulu. Kale, wofuna mphamvu zoterezi ankayenera kugula makina apadera ku makampani ngati Cray, pamtengo wa madola mamiliyoni. Zinthu zinasintha mu 1994 pomwe Thomas Sterling ndi Donald Becker, ku Goddard Space Flight Center ya NASA, anasonkhanitsa makompyuta wamba 16 a mapurosesa a Intel 486, n'kuwalumikiza ndi mawaya a Ethernet, n'kuikamo Linux, pulogalamu yaulere yoyendetsa kompyuta. Anawatcha Beowulf. Becker ankalemba yekha ma driver othandiza Linux kulankhulana ndi makadi a netiweki, ndipo ntchito yakeyo anaigawa kwaulere. Kuchokera pamenepo yunivesite iliyonse yokhala ndi ndalama zochepa ndi munthu wakhama inatha kudzimangira yake.

Koma kulumikiza mawaya ndi mbali yosavuta. Vuto limayamba makinawo akafika 50 kapena 500, ndipo ofufuza 100 akuwafuna nthawi imodzi. Ndani ayambe? Ntchito yakuti ipite pa kompyuta iti? Ina ikafa pakati pa usiku, zimene imachita zithera kuti? Ndipo Linux muiika bwanji pa makina onsewo, popeza simungayende ndi flash kuchoka pa iyi kupita pa iyo? Mapulogalamu oyendetsa ma cluster anabadwira mafunso amenewa. Ena, monga Warewulf yomwe Gregory Kurtzer anayamba ku Lawrence Berkeley National Laboratory, xCAT ya IBM ndi Rocks ya ku San Diego Supercomputer Center, amachititsa kuti kompyuta iliyonse ikayatsidwa itenge zonse zofunika kuchokera ku kompyuta yaikulu kudzera pa netiweki. Ena ndi osunga mzere, ndipo Slurm ili m'gulu limeneli.

Taonani mmene zimakhalira. Wofufuza amalemba kafayilo ka mizere yochepa: ndikufuna makompyuta 4, kwa maola 12, memory yochuluka chonchi, ndipo muyendetse pulogalamu iyi. Amakatumiza ndi lamulo la sbatch, n'kupatsidwa nambala. Akalemba squeue amaona ntchito yake pamndandanda, pambali pake pali zilembo PD, kutanthauza kuti ikudikira, ndipo kumapeto kwa mzere kwalembedwa chifukwa chake: Resources ngati makina onse ali otanganidwa, Priority ngati pali ena oyenera kulowa iye asanalowe. Zilembozo zikasanduka R, ndiye kuti yayamba, ndipo akhoza kupita kukagona. Maola 12 akakwana isanathe, Slurm imaidula osafunsa. Palinso nzeru ina yotchedwa backfill, yomwe aliyense amene anaimapo pamzere kuchigayo angaimvetse. Amayi a matumba atatu ndiwo ali patsogolo, koma pamene akadamasula matumba awo, wachigayo amakodola mwana wa kandowa kamodzi kuti agayitsiretu, bola atuluke amayiwo asanakonzeke. Slurm nayo imalowetsa tintchito ting'onoting'ono m'mipata pamene ntchito yaikulu ikudikira kuti makina okwanira amasuke. N'chifukwa chake amene amapempha nthawi yoona, osati yokokomeza, amalowa msanga.

Zinthu zimenezi zimaoneka zazing'ono, koma labotale ikazizolowera imamangirira zonse pamenepo. Mafayilo a ofufuza, malangizo a ophunzira atsopano, malamulo ogawira nthawi pakati pa madipatimenti, zonsezi zimalembedwa m'chinenero cha pulogalamu imodziyo. Kuisintha ndi ntchito ya miyezi. Choncho funso la amene akuisunga si lachabe.

Nkhani ya Grid Engine, pulogalamu inanso yosunga mzere, ndi imene aliyense wosankha pulogalamu ayenera kuidziwa. Kampani ya Sun Microsystems inagula Gridware, kampani imene inkailemba, mu 2000, ndipo mu 2001 inatsegula code ya Grid Engine kwa onse. Mayunivesite ndi malabotale ambirimbiri, makamaka ofufuza za majini, anailandira ndi manja awiri ndipo kwa zaka pafupifupi 10 inali pulogalamu yodalirika. Mu 2010 Oracle inagula Sun, ndipo chaka chisanathe inasiya kutulutsa code ya zosintha zatsopano. Akatswiri amene ankailemba anasamukira ku kampani ya Univa, yomwe inkagulitsa mtundu wake wolipira. Univa inagulidwa ndi Altair mu 2020, Altair nayo n'kugulidwa ndi Siemens mu 2025. Munthu amene anasankha Grid Engine mu 2003 sanalakwitse chilichonse. Anawerenga laisensi, anaona kuti ndi yotseguka, kumbuyo kwake kuli kampani yaikulu. Sakanadziwa kuti pulogalamuyo idzadutsa m'manja ochuluka chonchi.

Grid Engine siili yokha. TORQUE, yosunga mzere inanso yomwe inachokera ku pulogalamu ya PBS ya NASA ya m'zaka za m'ma 1990, inali yotseguka mpaka 2018 pomwe Adaptive Computing inaitseka. Mu Disembala 2020 Red Hat inalengeza kuti CentOS Linux 8, mtundu waulere wa Linux, itha kumapeto kwa 2021, pomwe anthu ankayembekezera kuti isamalidwa mpaka 2029, ndipo ma cluster osawerengeka anali ataimikidwa pa CentOS. Mu Ogasiti 2023 HashiCorp inasintha laisensi ya mapulogalamu ake, kuphatikizapo Nomad yogawa ntchito m'maseva, kupita ku ina yoletsa opikisana nayo pamalonda kuigwiritsa ntchito momasuka. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo code imene muli nayo lero ndi yanu ndithu. Ya mawa ndiyo palibe amene anakulonjezani.

Pali imfa inanso, yachete, imene sifuna kuti wina atseke chitseko. Rocks inathandiza madipatimenti ochuluka kuimika cluster tsiku limodzi, koma mtundu wake waukulu womaliza unatuluka mu 2017. Palibe anaigula, palibe anaiba. Anthu oisamalira anangochepa. Mesos, pulogalamu yogawa ntchito m'maseva ambiri, inayamba ku University of California, Berkeley mu 2009, inkayendetsa maseva a Twitter, ndipo inali pansi pa Apache Software Foundation, bungwe lomwe cholinga chake n'chakuti pulogalamu isakhale ya kampani imodzi. Koma Twitter itanena mu 2019 kuti ikusamukira ku Kubernetes, ndipo makampani ena atatsatira, Mesos inatsala ndi laisensi yabwino popanda manja oigwira.

Anzanga ena amayankha kuti nkhawa imeneyi ndi yopitirira muyeso, chifukwa code yotseguka aliyense akhoza kuitenga n'kupitiriza payekha, zomwe amati fork. N'zoona, ndipo ufulu umenewu ndimaulemekeza kwambiri. Koma tiyang'ane kumene unagwira ntchito ndi kumene unalephera. CentOS itatha, Kurtzer yemwe uja wa Warewulf, amene analinso m'gulu loyambitsa CentOS, anayambitsa Rocky Linux, ena anayambitsa AlmaLinux, ndipo zonse ziwiri zinatuluka mu 2021. Zinatheka chifukwa ovulala anali ambiri ndipo ena mwa iwo anali ndi ndalama. Terraform, pulogalamu inanso ya HashiCorp, inapeza fork yake ya OpenTofu pa chifukwa chomwecho. Nomad sinapeze gulu lotere. Grid Engine inali ndi ma fork ake, monga Son of Grid Engine ya ku University of Liverpool ndi Open Grid Scheduler, koma ankagwiridwa ndi anthu ochepa kwambiri, ndipo patapita zaka zingapo anazilala. Malo ambiri anangosamukira ku Slurm. Ufulu wopatuka umapindulira amene ali ndi akatswiri okhoza kuwerenga code yolembedwa kwa zaka 20 n'kupeza pamene pavuta. Wopanda anthu otere ali ndi ufuluwo papepala pokha.

Apa ndiyenera kunena bwino, chifukwa sindikufuna kuti wina amve ngati makampani ndi adani. Mapulogalamu ambiri omwe ndatchulawa anatsegulidwa ndi makampani. Sun ndi imene inatsegula Grid Engine. IBM inatsegula xCAT. Altair inatsegula PBS Professional mu 2016, yomwe lero imatchedwa OpenPBS. Slurm yeniyeniyo inayambira ku Lawrence Livermore National Laboratory kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, koma inakula bwino Morris Jette ndi Danny Auble atakhazikitsa SchedMD mu 2010 n'kuyamba kulipiritsa thandizo, code n'kumaipereka ulere. Olemba mapulogalamu nawo ali ndi ana ofuna fizi. Pulogalamu imene palibe akulipidwa kuti aisamalire imadalira madzulo ndi Loweruka la munthu wotopa, ndipo zimenezo sizikhalitsa. Chimene ndikutsutsa ndi kudalira kampani imodzi yokha, osati kupezeka kwa makampani.

Kubernetes ndiyo chitsanzo chabwino cha njira ina. Google inali ndi pulogalamu yake yamkati yotchedwa Borg, yomwe kwa zaka zambiri inkayendetsa maseva ake. Mu 2014 Joe Beda, Brendan Burns ndi Craig McLuckie anatulutsa Kubernetes potengera zimene anaphunzira kumeneko, patangopita chaka Docker itafalitsa ma container, timaphukusi tonyamula pulogalamu pamodzi ndi zonse zimene imafuna kuti iyende. Ntchito yake ndi yosiyana ndi ya Slurm. Slurm imasamala za ntchito zoyamba n'kutha, monga kuwerengera nyengo ya mawa. Kubernetes imasamala za zinthu zosayenera kuzima, monga webusaiti ya banki: mumaiuza kuti ndikufuna makope atatu a pulogalamu iyi aziyenda nthawi zonse, ndipo limodzi likagwa imadzutsa lina pa seva ina. Chimene chinaipambanitsa, mmene ndikuonera, si luso lokha. Mu Julayi 2015, potulutsa mtundu wa 1.0, Google inaipereka ku Cloud Native Computing Foundation, bungwe latsopano la pansi pa Linux Foundation. Zitatero Red Hat, Microsoft, Amazon, Huawei ndi ena opikisana pamsika anatha kuikamo akatswiri awo mosaopa kuti akulimira Google munda. Lero kampani imodzi itachoka, Kubernetes singagwe.

Ngakhale zili choncho, sindigwirizana ndi amene amauza bungwe lililonse, ngakhale la maseva atatu, kuti liike Kubernetes chifukwa ndiyo ili m'fasho. Pulogalamuyi imatulutsa mtundu watsopano katatu pachaka, ndipo uliwonse umasamalidwa kwa chaka chimodzi ndi miyezi yochepa. Kwa kampani ya akatswiri 40 imeneyi si nkhani. Kwa ofesi imene munthu mmodzi amayang'anira netiweki, imelo ndi maprinta, ndi katundu wothyola khosi. Ndipo kuvutako kuli ndi amene amapindula nako, chifukwa Google, Amazon ndi Microsoft onse amagulitsa Kubernetes yoyendetseredwa kale, yolipira mwezi ndi mwezi m'madola. Ngakhale mkati mwa nyumba yaikuluyi muli zipinda zopanda anthu. Mu Novembala 2025 atsogoleri a Kubernetes analengeza kuti Ingress NGINX, chigawo chimene ma cluster ambirimbiri amalandirira alendo ochokera pa intaneti, isiya kusamalidwa mu Malichi 2026, chifukwa kwa zaka zambiri inkagwiridwa ndi munthu mmodzi kapena awiri pa nthawi yawo yopuma. Makampani ochuluka ankadya za chigawo chimenechi, koma otumiza munthu wokathandiza anasowa.

Tibwerere ku Slurm. Kuitseka monga mmene Oracle inachitira ndi Grid Engine n'kovuta, chifukwa ili pa laisensi ya GPL, yomwe imakakamiza aliyense wogawa pulogalamuyo kugawanso code yake, ndipo code yake inalembedwa ndi mabungwe angapo, osati SchedMD yokha. Chimene ndikuopa ndi njira imene idzalowere. Frontier, kompyuta ya ku Oak Ridge National Laboratory yomwe inakhala yoyamba pa TOP500 mu 2022, imayendera Slurm koma ma GPU ake ndi a AMD, opikisana ndi Nvidia. Tsopano malipiro a osamalira Slurm akuchokera kwa mmodzi wa opikisanawo. Sipafunika chiwembu kuti zinthu zipendekeke. Pamangofunika kuti pa mndandanda wa zokonza, za makina a mwini nyumba zizikhala pamwamba, za makina a ena ndi makina akale zizitsikira pansi. Chondilimbitsa mtima n'chakuti Livermore, kumene Slurm inabadwira, sinakhale manja lende. Inalemba pulogalamu ina yotseguka yotchedwa Flux, ndipo ndi imene ikuyendetsa El Capitan, kompyuta yawo yaikulu. Labotale imeneyi ili ndi kolowera chifukwa inasunga anthu ake odziwa kulemba.

Nkhaniyi ikutikhudza ife a kuno kummwera kwa Africa kuposa mmene tingaganizire. Kompyuta ya Ranger ya ku Texas Advanced Computing Center inagwira ntchito kuyambira 2008 mpaka 2013, ndipo inkayendera Grid Engine yomweyi. Itapuma, zigawo zake zinatumizidwa ku South Africa, Botswana ndi Tanzania mogwirizana ndi Centre for High Performance Computing ya ku Cape Town, yomwe yakhala ikugawira maiko a m'chigawo chino makina opuma ntchito, kuphatikizapo Zambia kudzera ku ZAMREN, netiweki ya mayunivesite a kumeneko. Makina otere amafika opanda kampani yowasamalira. Chimene chimawapatsa moyo wachiwiri ndi mapulogalamu otseguka, makamaka OpenHPC, yomwe inakhazikitsidwa mu 2015 pansi pa Linux Foundation kuti isonkhanitse Warewulf, Slurm ndi zida zina m'phukusi limodzi, komanso anthu ophunzitsidwa kuziika. Akanakhala mapulogalamu olipira laisensi pa kompyuta iliyonse, ndi mmene ndalama zakunja zimasowera ku Malawi kuno ndi kwa anansi athu, makinawo akanangokhala zitsulo zosonkhanitsa fumbi. Ndipo makina akale ngati amenewa ndi amene amayamba kuiwalika mwini pulogalamu akayang'ana kwa makasitomala a AI.

A ku South Africa anachita chinthu china chimene ndimachisirira. Chaka ndi chaka amasonkhanitsa ophunzira a m'mayunivesite, kuwapatsa zida, n'kuwauza kuti amange cluster ndi manja awo, aikemo mapulogalamu, aiyendetse mofulumira mmene angathere. Opambana amapita ku mpikisano wa padziko lonse ku Germany, ndipo magulu awo anatenga malo oyamba mu 2013, 2014, 2016 ndi 2019, kuposa mayunivesite a maiko olemera kwambiri. Wophunzira amene anakhalapo usiku akufufuza chifukwa chimene kompyuta ya nambala 7 ikukanira kulumikizana ndi zinzake sadzachita mantha pulogalamu ikasintha mwini. Adzawerenga, adzayesa ina, adzasamutsa.

Kwathu kuno zofunika cluster zilipo zambiri. Namondwe wa Freddy mu 2023 anatiphunzitsa mtengo wa kudziwiratu kumene mvula igwe ndi kuchuluka kwake, ndipo masamu a nyengo amafuna makompyuta ambiri ogwirira pamodzi. Ofufuza majini a tizilombo toyambitsa malungo ndi chifuwa chachikulu amafunanso zomwezo. Tili ndi MAREN yolumikiza mayunivesite athu, ndipo likulu la UbuntuNet Alliance, lomwe limalumikiza ma netiweki a maphunziro a kummawa ndi kummwera kwa Africa, lili ku Lilongwe. Chimene ndimadandaula n'chizolowezi cholemba bajeti ya makina, ya jenereta, ya zoziziritsira chipinda, koma mzere wa munthu woyendetsa makinawo n'kuusiya wopanda kanthu, poganiza kuti popeza pulogalamu ndi yaulere, kuiyendetsa nakonso n'kwaulere. Wothandiza akapereka ndalama za zaka zitatu, mnyamata kapena mtsikana mmodzi amaphunzira zonse, projekiti ikatha amapita ku Johannesburg, ndipo password ya kompyuta yaikulu imapita naye.

Ndikanakonda bungwe lililonse lofuna kuimika cluster lizilemba anthu awiri, osati mmodzi, ndipo m'ntchito yawo mulembedwe kuti gawo la nthawi yawo ndi lobwezera ku mapulogalamu amene akugwiritsa ntchito. Sikuti ayambe ndi kulemba code yozama. Kufotokoza bwino vuto limene apeza pa makina akale, kukonza malangizo osamveka, kuyankha mnzawo wa ku Lusaka kapena Maputo amene wakakamira pamene iwo anadutsa kale, zonsezi ndi ntchito yeniyeni, ndipo ndi mmene dzina la munthu limadziwikira kwa osamalira pulogalamu. Tsiku limene adzafune kuchotsa chinthu chimene makina athu amadalira, mawu a munthu wodziwika amamveka. Posankha pulogalamu, asamangowerenga laisensi. Atsegule mbiri ya zosintha zake, yomwe ili poyera pa webusaiti yosungira code ya GitHub, aone kuti chaka chathachi alembamo ndi anthu angati ndipo amalipidwa ndi yani. Akapeza kuti onse ndi a kampani imodzi, akhoza kuigwiritsabe ntchito, koma adziwe pamene aponda.

Za Slurm, sindikuuza aliyense kuti aisiye. Kwa yunivesite imene ikuyamba lero ndikanaisankhabe, chifukwa ndi imene ofufuza ambiri akuidziwa ndipo thandizo lake n'losavuta kupeza. Kuyambira 2024 imatulutsa mtundu watsopano miyezi isanu ndi umodzi iliyonse, mu Meyi ndi mu Novembala, choncho zizindikiro sizidzachedwa kuoneka. Tidzaona ngati code yonse ikutulukabe poyera kapena mbali zina zayamba kusungidwira olipira, ndiponso ngati zokonza zothandiza makina a AMD ndi Intel zikulandiridwa msanga monga kale. Pakadali pano, amene ali ndi makompyuta anayi akale pakona ya labotale awapatse ophunzira awiri, aikemo Flux kapena OpenPBS, ayese kusamutsirako mafayilo a sbatch a dipatimenti imodzi, ndipo alembe zonse zimene zakana.